Fungo Lachilendo

"Mayi Dalziel, ndithandizeni, aphana awa," Hinewai analira pafoni.

Dzulo lake anali atatenga kwa mayiwo machinchila awiri, tinyama taubweya tomwe tinakulira limodzi. Tsopano wamkazi ankachucha magazi kukhutu.

"Wawatani?"

"Wamkaziyu anada, ndiye ndamusambitsa ndi sopo."

"Mwanangu, amenewo amasamba fumbi, osati madzi. Alekanitse msanga, umuumitse. Mmodzi akabwera ndi fungo lachilendo, mnzake samudziwanso, ngakhale akhale kuti anakalambira limodzi."

Hinewai anacheuka. Pakhomo, mwamuna wake Rewi ankavula nsapato, akuchokera kuntchito kudoko la nsomba la ku Dunedin. Ankanunkhira sopo wamaluwa amene m'nyumbamo munalibe.