Odi pa Manda a Azungu

"Azakhali, mwaponda munthu!" anatero Imelda, mwana wa mchimwene wanga, uku akuseka.

Ndinadumpha ngati ndaponda khala la moto. Ndinali nditamuyendera ku Mangalande komwe amagwira ntchito, ndipo Loweruka limenelo ananditengera ku tchalitchi chakalekale, ati ndikatsuke m'maso. Kani azungu amaika maliro m'tchalitchi momwemo, anthu n'kumayenda pamwamba ndi nsapato! Kwathu ku Guilleme, ku Mchinji, sungalowe kumanda osaodira.

Ine ndi pakamwa pangapa, ndinagwada pamwala wa mandawo n'kuomba m'manja. "Odi kuno eni ake! Mwaswera bwanji pansipo?"

Imelda anali atapita kukajambula mawindo.

"Lowani, aNangondo. Mwachedwatu."

Mawuwo anatulukira pansi pa mawondo anga, ndi kachifuwa kaja ka fodya. Anali a malemu amuna anga, a Jailosi, amene tinawaika tokha ku Mchinji. Mwalawo unayamba kufunda.

"Pepani bambo," ndinayankha monong'ona, "ndangodutsa."

"Chabwino. Mudzere pobwerera."

Ndinathamangira kwa Imelda kukafunsa ngati kuli khomo lina lotulukira. Anati lotsegula ndi limodzi lokha, ndipo mwalawo uli pakhomo penipenipo.