Mipata ya Orville

"Wandilowereranso mumpata wanga, Wade," anatero Orville Tackett, nyimbo n'kuima pakati.

Linali Loweruka masana, gulu lawo loimba likuyeserera m'holo ya dansi mumzinda wa Lubbock. Lamulo lawo linali lakale: Darlene, woimba wawo, akapuma pakati pa mizere, mpatawo amadzaza munthu mmodzi yekha. Ndime yoyamba inali ya vayolini, yachiwiri ya gitala yogoneka ya Orville, yomaliza ya Wade, wagitala amene analowa gululo chaka chatha.

"Pepani, madala," anayankha Wade, maso ali pansi.

"Sabata yachitatu ino. Ngati ukufuna mpando wangawu, ungonena poyera."

Wang'oma anaika timitengo take pansi.

"Wade, ulendo uno usakhudze nsambo pandime yachiwiri," anatero Darlene, akutulutsa foni. "Tijambule."

Anayambiranso. Mpata utafika, Orville anatsinzina n'kumva gitala yake ikulira mokoma, monga yakhala ikulirira zaka makumi atatu. Nyimbo itatha anamwetulira.

"Mwamva? Mpata amadzaza choncho."

Darlene anamuikira foni pakhutu. Panamveka mawu a Darlene, kenako ng'oma ndi besi zokha. Mzere wina, chimodzimodzi. Mipata yonse inayi inali yopanda gitala.

"Wade wakhala akukuphimbirani, Orville," anatero Darlene chapansipansi. "Dzanja lanu lamanja limangoima. Timasowa poyambira kukuuzani."

Orville anayang'ana dzanjalo. Zala zinali pamwamba pa nsambo, zili phee. Anaziuza kuti zisunthe, n'kudikira.