Malire Owongoka

Lídia anaima pa malire a munda umene malemu amayi ake anamusiyira iye ndi azing'ono ake ku Ntengo-Wambalame, telefoni ili m'manja. Tsikuli analidikira zaka khumi ndi zisanu.

Ali kamtsikana anaona a Januário, eni munda woyandikana nawo, akuzula mizere itatu ya kachewere wa amayi ake, ati yadumpha malire. Mayi wamasiyeyo analira anthu akuonerera. Lídia sanaiwale, ndipo sanafune n'komwe kuiwala. Mumtima mwake ankadziwa ndithu kuti nkhalambayo inadyerera munda wawo pamene banja lawo linali kothawa nkhondo ku Malawi.

Tsopano anali atamaliza universidade, ndipo anatumidwa kudzalemba minda ya kwawo komweko. Luso lake linali ili: malire alionse ankawalemba ndi mawu atatu okha, patsogolo, kumanja, kumanzere, monga mmene umamulondolera mlendo njira. Mawu obwerezabwereza ankawapinda kukhala amodzi, kenaka n'kuwerenga otsala. Malire okhotakhota amadya mawu ambiri, osavuta amadya ochepa.

Minda ya makolo inkazemba chulu apa, kutsata khwawa apo, mbali iliyonse mawu makumi atatu kapena kuposa. Koma pakati pa munda wa Lídia ndi wa a Januário? Mawu amodzi basi! Patsogolo mapazi mazana awiri, osakhota ndi pang'ono pomwe.

"Makolo sankadula chonchi," anauza anthu amene anasonkhana pamundapo. "Apa panadutsa chingwe, ndipo si kale kwenikweni."

A Januário anazyolika. "Mwanawe, zisiye izi."

Ha, zisiye? Lero ndiye adziwa kupempha! Tsiku lozula kachewere lija pakamwa panali poyabwa, lero mawu athina. Lídia anafuna kuti manyazi awagwire pamaso pa anthu omwewo amene anaonerera misozi ya amayi ake. Anatulutsa pepala lonena kuti malire akale abwezeretsedwe, aliyense atenge chake. Anayamba kusaina ndi iye, mboni zinasaina, ndipo a Januário, atakana kawiri, anadinda chala.

"Pronto, zatheka," anatero Lídia, n'kutembenukira kwa mayi wina wachikulire. "A Lestina, inu munabadwira pano ndipo simunathawe nkhondo. Tiyendetseni m'malire akale."

A Lestina anatola ndodo yawo. Lídia anatsogola kulowera m'chimanga cha a Januário, koma atacheuka anaona gulu lonse likupita kwina. Mayi aja anazemba chulu, anatsata khwawa, anazungulira munda wonse wa Lídia, mpaka kudzaima pamene anayambira.

"Chingwe ukunenacho ndinagwira nawo ndine," anatero. "Bambo ako pobwera ku Malawi nkhondo itatha, m'chaka cha noventa e três, analibe ngakhale mzere umodzi, a Januário n'kuwadulira theka la munda wawo. Malire akale amene wasainirawo ndi amenewa tayendamowa."