Helikopita ya ku Tembwe

Bornwell Goma anali dalaiva wa bungwe lina pa boma la Chama. Akaweruka ankakonda kuulutsa helikopita ya nkhondo pa kompyuta ya mu ofesi. Tsiku limene wailesi ya mauthenga inanena kuti Damaris, mayi wapakati, wadwalika ku Tembwe, iye anayankha kuti, "Ndikunyamuka manje-manje." Koma anayamba watsiriza kaye masewerawo. Pofika anapeza anthu akulira maliro a mayiyo, ndipo anawanamiza kuti msewu ndiwo unavuta.

Patapita sabata, kutangoda, anabwerera ku ofesi kukatenga makiyi amene anaiwala. Ali pakhonde anamva helikopita ikulira mkati.

"A Nyirenda, mwayatsa jenereta?" Bornwell anafunsa mlonda.

"Iyayi a Goma, dizilo inatha dzana."

Atalowa anapeza kompyuta ikuwala. Chipululu ndi akasinja a m'masewera a masiku onse panalibe. Helikopita inkatsata msewu wa ku Tembwe, mpaka inaima pamwamba pa mtengo wa mango. Patsinde pake panakhala mayi wapakati atafungatira kachikwama ka kuchipatala.

Bornwell anazula chingwe pakhoma. Chithunzi sichinazime. Mayiyo anadzuka movutikira, nayang'ana kumwamba.

"Mwafika, a dalaiva?"

Mawuwo anachokera pakhomo, kumbuyo kwake.