Pempho la Tona

"Zolemba pamanja sindisaina, mayi," anatero bwana, akukankha pepalalo. "Ino ndi ofesi, si msika."

"Koma bwana, pempholi ndi la tona yemweyo," anayankha mlembi. "Ufa wakuda uja watheratu mupulinta. Anthu akudikira makalata awo pakhondepo."

"Lamulo ndi lamulo."

Mlembi anasolola m'pulintamo katiriji yosungira tonayo n'kuigwedeza ngati akudzutsa chidakwa, mpaka zala zinada bii. Ataibwezera, pulinta inabuula, inatsokomola, kenako inalavula pepala la pempho lija, la zilembo zotuwa mbuu.

Bwana anavala magalasi, n'kupenda pepalalo pawindo. Anapukusa mutu.

"Ndisaina bwanji chinthu chosawerengeka? Tona akabwera mudzasindikizenso bwinobwino. Ndidzasaina tsiku lomwelo. Ine sindichedwetsa zinthu."