Chisoni cha Nermin pa Ayezi

"Kudumpha ngakhale mbuzi imadumpha," anatero Madamu Shahira akuzimitsa nyimbo. "Mtima uli kuti, mwana iwe? Nkhope ngati ukudikira basi!"

Ankakalipira Nermin. Mwa atsikana onse ovina pa ayezi mu Cairo, panalibe womposa kudumpha n'kuzungulira m'malere. Koma mphunzitsi wakeyu, yemwe pa ayezi ankayenda atagwira khoma, anali atagamula kale kuti akalephera kuwagwira mtima oweruza pa mpikisano wa Lachisanu, malo ake m'timu apatsa wina.

Lachisanu nyimbo itangoyamba, Nermin anamva chitsulo chotsetserekera cha kunsi kwa nsapato yake chikugwedera. Msomali unali utazuka, ndipo kudumpha kukanamuthyola khosi. Choncho anangotsetsereka pang'onopang'ono, manja atatambasula kuopa kugwa, milomo ikunjenjemera.

Atamaliza, anthu anaimirira, oweruza awiri akupukuta misozi.

Madamu Shahira anathamangira atolankhani. "Mwachiona chisoni chimenecho? Zaka zitatu ndakhala ndikuchikumba mwa mwanayu. Ndinamuletsa ndine kudumpha. Lero mbuzi yasanduka munthu waluso!"

Kenako anamupeza Nermin m'chipinda chovalira, akumasula zingwe za nsapato.

"Mwana wanga, mawa pa ndime yomaliza uvine chimodzimodzi. Usasinthe kanthu."

"Koma Madamu, nsapatoyi..."

"Ine ndikunena za mzimu, iwe ukunena za nsapato? Umbuli!" Anatuluka akutsonya.

Bambo wokonza nsapato atafika ndi zida zake, Nermin anaiyang'ana nsapato ija kanthawi, n'kuiponya m'chikwama.

"Pitani bwino, bambo," anatero. "Ilibe vuto."