Wonong'ona Pabenchi ya Usipa

Manesi anamuona koyamba pamatimati, bambo wa jekete lakuda, atangoima osagula kanthu. Manesi atasunthira pamchere, nayenso anasuntha. Pofika pabenchi ya usipa, pakati pa msika wa Mponela, mpweya wa bamboyo unkamuwomba m'khosi.

"Mayi," ananong'ona, "amuna anu ndi aphunzitsi a ku Nachisaka aja, eti? Kwanuko munavotera ndani?"

Manesi anasiya kusankha usipa. Mlongo wake anatengedwa ndi munthu wonong'ona chomwechi, ndipo mpaka lero sanabwerere.

Kenaka mutu unatentha. Anatula dengu pansi, namangitsa chitenje m'chiuno.

"Bwerezani mokweza, bambo! Msika wonse umve!"

"Aa, mayi, pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono chiyani? Mwandilondola m'mawa wonse ngati galu wosowa mwini. Mukufuna dzina? Ndine Manesi Aroni. Lembani! Kapena cholembera mulibe?"

Amayi ogulitsa usipa anaimirira mmodzimmodzi, manja m'chiuno. Bamboyo anabwerera chafutambuyo, napunthwa pa thumba la makala, nkulowa m'chigulu.

"Mukawauze okutumaniwo kuti tinatopa!" Manesi anakuwa.

Mawu ake sanawatsitse.